Ziphona Zitatu za M'chipanda

Panangokhala, ndipo amene muli nane vomerani, mudzi wina wa nyama umene unasiya kuweruza milandu ndi pakamwa. Anayesapo kale, koma anaona kuti wolongolola ndiye ankapambana nthawi zonse, wachibwibwi n'kumagwa ndi mlandu wosalakwa. Ndiye makolo awo anakonza njira ina.

Nyama yamphongo iliyonse ikakula inkaponya chizindikiro chake m'chipanda chachikulu, wina kachidutswa ka nyanga, wina nthenga, wina dzino lakale. Awiri akakangana, aliyense ankapisa dzanja m'chipandamo katatu, ndipo eni ake a zizindikiro zimene watulutsa ndiwo ankamumenyera mlanduwo pabwalo, kaya ndi abale ake kaya sanawaonepo chibadwire. Njovu anamuchotsamo chifukwa ankagumula bwalo. Mkango nayenso anamuchotsa, pakuti anali ndi chizolowezi choipa chomadya mnzake akamugwetsa.

Kamenyedwe kake kanali ndi mwambo. Bwalo ankalizunguliza ndi mzere wa phulusa, magulu awiriwo n'kumamenya mosinthana: mmodzi atuluke, amenye kamodzi, abwerere, mpata upite kwa anzawo. Woyembekeza nkhonya ankasankha yekha poima, koma akaima, mapazi asasunthe. Wogwa chagada kapena wodutsa phulusa ndiye kuti watuluka. Nkhonya yoyamba ya gulu inali ya wamphamvu woposa anzake pagulupo, monga ulemu wake. Ndipo mpata uliwonse unkayenda ndi nyimbo. Amayi a Nkhanga ndiwo ankayimba, mmodzi akufunsa ndi mawu okwera kuti dzanja lili kwa yani, anzake n'kumayankha pamodzi kuti mwini dzanjalo afulumire chifukwa kunyumba ana ali ndi njala. Nyimbo ikatha usanamenye, mpata wako wapita.

Tsono nyama za m'mudzimo zinali ndi matenda amodzi, amene ine amandinyansa mpaka lero ndikawaona mwa anthu. Zinkatha tsiku lathunthu, minda ikumera udzu, zikukangana kuti wamphamvu ndani m'chipandamo. Zinachita kugawa malo pa chulu cha pambali pa bwalo. Ofooka ankakhala m'fumbi, apakatikati m'chiuno mwa chulu, ndipo pamwamba penipeni pankakhala atatu okha, Njati, Chipembere ndi Mvuu. Mmene ankakwanirana pachulupo musandifunse ine.

Aliyense anali ndi omukonda ake. Okonda Chipembere ankati, "Uja samenya kawiri. Kamodzi basi, mlandu watha."

Okonda Mvuu ankaseka. "Amenye ndani? Mvuu mutha kumukhoma tsiku lonse, iye akungoyasamula. Nanga Chipembere wanuyo amaona n'komwe? Tsiku lija anagunda chitsa n'kumadikira kuti chigwe chagada."

Okonda Njati ankati zonsezo n'zamowa chabe, chifukwa Njati satopa, saiwala, ndipo ukamupweteka m'pamene umamudzutsa. Mkanganowo sunkatha, pakuti zizindikiro za atatuwa zinkatuluka mwa apo ndi apo, ndipo chipanda chinali chisanatulutsepo awiri a iwo pa mlandu umodzi. Choncho aliyense ankapita kwawo akukhulupirira zimene omukonda amuuza.

M'mudzi momwemo munali mkamwini wina, dzina lake Gologolo. Analibe nkhokwe, analibe munda woti n'kuloza, koma pakamwa pokha Mulungu sanamumane. Ankakhala mu mkuyu waukulu wa mkazi wake Nazimbiri, umene mayiyo anasiyiridwa ndi amayi ake. Masiku amenewo Nazimbiri anali m'chikuta m'mphako ya mtengowo, ndi ana ofiira amene maso anali asanatseguke, michombo isanagwe. Mwa mwambo, bambo sankalowamo. Gologolo ankagona panthambi, n'kumalankhula ndi mkazi wake kudzera pakamwa pa mphako.

Nkhuyu zitayamba kupsa, kunabwera Nyani, nduna ya m'mudzimo, akuyenda ngati wavala nsapato zatsopano.

"Mkamwini iwe, utuluke mumtengomu. Mkuyu uwu ndi wakwathu."

"Wakwanu bwanji, a nduna?"

"Agogo anga anadya nkhuyu kutsidya, pobwera mimba n'kuwavuta pomwe pano. Mtengo unamera pamenepo. Nanga mbewu inali ya yani?"

"Ndiye paliponse pamene agogo anu anadzithandizapo ndi panu? A nduna, ngati zili choncho dziko lonse lino ndi lanu ndithu."

Nyani sanaseke. "Tikaonana kuchipanda," anatero, natembenuka.

Atachoka, mawu a Nazimbiri anamveka m'mphakomo. "Abambo, ndamva zonse. Pakamwa panupo mukanapasunga pang'ono."

"Akanabwerera chifukwa ndakhala chete?"

"Sakanabwerera. Koma mudziwe chinthu chimodzi. Ana awa sindingawatulutse michombo isanagwe. Mukaluza mlanduwu, Nyani sadikira, ndipo kabawi amazungulira pamwambapa tsiku ndi tsiku. Sitifika nawo kulikonse."

"Musade nkhawa, mayi. Zisiyeni kwa ine," anatero Gologolo. Analankhula molimba mtima, koma m'mutu mwake munalibe nzeru ngakhale imodzi panthawiyo.

Wosunga chipanda anali a Nang'omba, nyakwawa wa mawu a pansi pamimba. Pabwalo, anthu akuona, ankatsata mwambo osaphonya. Koma kuchipandako anali atawonjezerako kalamulo kawokawo, kakuti wosakhutira ndi chimene watulutsa atha kubweza n'kupisanso, bola asiye kenakake kopukutira chipanda. Nyani anafika ndi madengu a chimanga chakuba m'minda ya anthu, ana ake atasenza pamutu.

Anapisa, n'kutulutsa ndevu za Mbewa. Anabweza, dengu n'kupita kwa a Nang'omba. Anapisanso, chiboda cha Gwape. Anabweza. Anatulutsa dzino la Nguluwe, oonerera n'kukuwa kuti ameneyo ndi wabwino, wa m'chiuno mwa chulu, asamutaye. Nyani analiyang'ana dzinolo, anakanda kumutu, n'kulibweza. Anapisa, napisa, mkono mpaka kuwawa, madengu akutha limodzi limodzi. Pamene dengu lomaliza linkakhuthulidwa, pamphasa panali nyanga ya Njati, nyanga ya Chipembere ndi dzino la Mvuu.

Oonerera onse anangoti kakasi. Chinthu chotere chinali chisanaonekepo.

"Mkamwini, ndi nthawi yanu," anatero a Nang'omba.

Gologolo anapisa dzanja. Chinatuluka kachikopa konyowa ka Chule. Anthu anaseka. Anapisanso, khungu lofundula la Bilimankhwe. Anthu anagwira m'mimba. Anapisa komaliza, napapasa pansi penipeni, natulutsa kakhoko ka mtedza kokhala ndi zipsera za mano. Manowo anawazindikira.

"Mwadzitulutsa nokha," anatero a Nang'omba. "Mudzimenyera nokha."

"Kodi sindingabweze, a nyakwawa?"

"Mwabwera ndi dengu?"

"Ndabwera ndi ulemu."

"Ulemu sitipukutira chipanda."

Gologolo anatola zizindikiro zake zitatu. Popita anadutsa pamphasa ya Nyani, naima, nayang'anitsitsa nyanga ziwiri zija ndi dzino lija zitagundana pamodzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayamba kuyimba kamluzu, anthu n'kumati mantha amuzunguza mutu.

Tsiku la mlandu, dzuwa lili paliwombo, magulu awiri analowa m'kati mwa phulusa. Mbali iyi ziphona zitatu, Nyani ali kumbuyo kwawo kunja kwa mzere. Mbali inayo tinthu titatu toti ukayetsemula tiuluka.

"Alamu, tithawe pano kukadali bwino," ananong'ona Chule.

"Ingoimani pomwepo, alamu. Zina zonse ndi zanga," anayankha Gologolo.

A Nang'omba anaguguda kukhosi kwawo kuja, bwalo n'kuti zii. "Wodandaula ndiye amayamba. A nduna, dzanja lili kwanu."

Amayi a Nkhanga anaidzutsa nyimbo. Njati anapukusa mutu, natuluka kutsogolo.

"Zikomo, a nyakwawa!" anakuwa Gologolo. "Kafunso chabe, paja ife ndife obwera m'mudzi muno. Nkhonya yoyamba imakhala ya yani?"

"Ya wamphamvu woposa onse pagulu."

"Oo, chabwino. Ndiye kuti nkhani ija inatha. Pepani a Chipembere, ine sindinamve kuti munavomera."

Chipembere anatembenuza makutu. "Ndinavomera chiyani?"

"Kuti a Njati amakuposani. Palibe choipa, bambo. Ine ndangodabwa chabe."

Chipembere anatuluka, naima mopingasa kutsogolo kwa Njati. "Bwerera, Njati. Mwini wake wa nkhonya iyi ukumudziwa."

"Ndikumudziwadi, n'chifukwa chake ndatuluka. Choka panjira, usanagunde chitsa china."

"Ana inu," anatero Mvuu, akudzikoka pang'onopang'ono, "mukukangana za chiyani akulu tili pano? Ine ndinayamba kuthyola mabwato inu mukuyamwa."

"Aliyense amenye!" anakuwa Nyani. "Aliyense, abale, nyimbo ikutha!"

Koma ndani akanamumva? Uyu ankatchula amene anawagwetsa chaka chatha, uyo ankaonetsa zipsera za m'nthiti, winayo ankayasamula kuti anthu aone mano. Oonerera nawonso matenda awo aja anawadzukira, aliyense akukuwira wake. Amayi a Nkhanga anafunsa komaliza kuti dzanja lili kwa yani, anzawo anayankha, nyimbo n'kugwa.

"Mpata wapita," anatero a Nang'omba. "Mkamwini, dzanja lili kwanu."

Gologolo anatumiza Bilimankhwe, ati ndiye chiphona cha gulu lawo. Bilimankhwe anatukula mwendo, naganiza, naubweza, nautukulanso. Nyimbo inayamba, inafika pakati, inatha, iye asanafike n'komwe pakati pa bwalo. Anthu anaseka mpaka misozi. Gologolo anaseka nawo, chifukwa nkhonya ya Bilimankhwe sinali m'gulu la zinthu zimene ankaziwerengera.

Dzanja linabwerera kwa Nyani. Popeza gulu lake linali lisanamenye, nkhonya inali ikadali yoyamba, ndipo funso lija linali pomwepo likudikira. Nyani anayesa kunyengerera.

"Akuluakulu, tamverani. Nonsenu ndinu ofanana, palibe woposa mnzake."

"Ofanana?" anatero Mvuu. "Ine ndi wogunda zitsayu?"

"Ayi, a nduna asazembe," anatero Gologolo. "Anakutulutsani ndi iwowo. Akudziwa dzina limene mtima wawo unadumpha nalo kwambiri litatuluka. Angotchula, nkhani ithe, ife tiphedwe bwinobwino tizipita."

"Tchulani!" linakuwa bwalo lonse.

Nyimbo inali itayamba kale. Nyani anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, thukuta lili kamukamu. Amayi a Nkhanga anali atalowa m'chigawo chomaliza.

"Chipembere!" anafuula.

Mvuu anatseka pakamwa pake pang'onopang'ono. "Ndasiya madzi ozizira, khungu langa likung'aluka ndi dzuwa ili, kuti ndidzamve zimenezi? Nyani, ukadzafuna kuwoloka mtsinje udzaitane Chipembere." Anatembenuka, naponda phulusa osaliyang'ana n'komwe, ulendo wa kumadzi.

Koma musaganize kuti zonse zinkayenda mokomera Gologolo. Chipembere anafwenthera, nafunsa kuti adaniwo ali mbali iti, atamulozera anaweramitsa nyanga kulunjika kwa Chule. Nthaka itangogwedezeka, Chule analumpha, osati kulumpha kwamasewera, anakatera kumbuyo kwa amayi oyimba. Nyanga inangopala dothi.

"Mvuu watuluka, Chule watuluka," anatero a Nang'omba. "Mkamwini."

Ulendo uno Gologolo anatuluka yekha. Anadutsa Chipembere ngati sakumuona, nafika pa Njati, namusisita pabondo ngati akumusasa fumbi.

"Nkhonya yako ndi imeneyi?" anafunsa Njati.

"Ndingamenye bwanji munthu womenyedwa kale?" anayankha Gologolo motsitsa mawu. "Pepani, achimwene. Ine ndakula ndikumva za inu. Kwathu mwana akalira ankamuopseza ndi dzina lanu. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzakuonani mutaimikidwa kumbuyo, mukusungira anzanu malo."

Mphuno za Njati zinayamba kutukumuka, ndipo Gologolo anabwerera pamalo pake mofulumirako.

Nyimbo inadzukanso. Nyani, poona kuti Chipembere wachotsapo mmodzi, sanafune kusintha dzanja.

"A Chipembere, malizani ntchito."

"Nanga ine," anatero Njati, "munandiitanira kudzaomba m'manja?"

"Ombani," anatero Chipembere. "Imeneyonso ndi ntchito."

Mawuwo asanathe bwino, Njati anamulowa m'nthiti. Kunamveka kugunda koti ana a kutsidya anathawira m'nyumba. Fumbi litachepa, Chipembere anali chagada, miyendo inayi ikupalasa m'mwamba.

"Imeneyo siwerengedwa!" anakuwa Nyani. "Wamenya wakwawo! A nyakwawa, chimanga chija mwaiwala?"

A Nang'omba anayang'ana khamu lonse lija, nameza malovu. "Nyimbo inali isanathe. Nkhonya yagwa, womenyedwa ali chagada. Mwambo sunanene kuti wogwayo akhale wa gulu liti. Chipembere watuluka. Mkamwini, dzanja lili kwanu."

Gologolo anatembenukira kwa Bilimankhwe. Koma Bilimankhwe anali ataona zimene zinachitikira Chipembere ndi maso onse awiri, lina poyamba, lina pambuyo. Thupi lake linali litasanduka lotuwa ngati phulusa lomwelo. Anayamba kuyenda, inde, koma cham'mbuyo, ndipo sanayendepo mofulumira chotero chibadwire.

"Pepani alamu," anatero akudutsa mzere. "Ine ndili ndi ana."

"Inenso ndili nawo," anatero Gologolo, koma motsitsa, moti anamva ndi ochepa.

Nyimbo inatha. M'bwalo munatsala awiri, ndipo dzanja linali kwa Njati.

Njati anabwera pafupi, mthunzi wake n'kumuphimba Gologolo yense. "Kanthu iwe, ndakuona. Pakamwa pakopo pathamangitsa Mvuu, pagwetsa Chipembere. Tsopano ndatsala ndekha. Undifanizira ndi yani?"

Apa ndisakunamizeni, Gologolo anachita mantha. Anachita mantha enieni. Anaganiza za Nazimbiri akutsika mumtengo ndi kamwana kofiira pakamwa, kabawi akuzungulira. Phulusa linali pafupi, kulumpha kumodzi akanapulumuka, ndipo palibe akanamunena. Koma akanalumpha, mtengo ukanapita.

Amayi a Nkhanga anaiyamba nyimbo, ulendo uno mwapansipansi, chifukwa nawonso chisoni chinawagwira.

"Mungomuponda!" anakuwa Nyani. "Chiboda chimodzi, a Njati, basi! Musamvere zonena zake!"

Ndipo Nyani ankanena zoona. Chiboda chimodzi chikanatha zonse.

"Mverani abwana anu," anatero Gologolo, mawu akutuluka mokakamiza. "Pondani. Mbuzi ikanatero, bulu akanatero. Ine zanga zatha kale, ndikungodandaulira inu."

"Undidandaulira chiyani?"

"Mawa pachulu paja. Mukuwadziwa anthu a m'mudzi muno. Adzati Njati pa tsiku lake lalikulu anamenya kawiri, koyamba anabera wosaona bwino kumbali, kachiwiri anaponda gologolo ngati akuponda chinthochi. Okonda Mvuu ayamba kale kunong'onezana, taonani uko. Adzati Mvuu akanakhalapo, adzati Chipembere akanayang'ana kutsogolo. Mwapambana onse, koma palibe waona chimene mumatchuka nacho."

Njati anaponya diso kwa oonerera. Ena analidi akunong'onezana, pakuti anthu amenewo sankatha kukhala chete.

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ngati ndikufa, ndiphedwe ndi Njati weniweni, wa liwiro lochokera kutali, amene nthaka imamuopa. Ana anga akadzafunsa, adzawauze kuti bambo wawo sanapondedwe, anagundidwa. Taonani, ndikupatsani bwalo lonse kuti muthamange bwino."

Atatero anayenda mpaka kumapeto kwenikweni kwa bwalo, naima chala chimodzi kuchokera paphulusa, nayang'ana kwa a Nang'omba. "Ndaima pano, a nyakwawa. Sindisunthanso."

"Ndi msampha!" analira Nyani, akudumphadumpha. "A Njati, pondani! Ndikukupemphani!"

"Khala chete, Nyani," anatero Njati. "Unatchula Chipembere. Lero uone chimene unachikana."

Nyimbo inali itapitirira pakati. Njati anathamangira mbali ina ya bwalo, natembenuka, napalasa dothi. Amayi a Nkhanga analowa m'chigawo chomaliza, ndipo Njati anamva kuti nthawi yatha, mpata woganiza bwino panalibenso. Anaweramitsa mutu, nadzuka ndi mphamvu zake zonse.

Okonda Njati sankanama ayi. Liwiro limenelo linali loopsa. Nthaka inalira, oonerera a kutsogolo anagwerana, amayi oyimba anasokoneza mawu. Gologolo anaona nyanga zikukula, zikukula, mpaka dziko lonse linali nyanga zokhazokha. Anatseka maso, nadziphatika pansi, mapazi ali pomwepo. Nyanga za njati zimapindikira m'mwamba, zinapangidwira mikango, osati tinthu tam'fumbi. Zinadutsa pamwamba pake. Chiboda chakumbuyo chinamusenda khungu la pamsana, ndipo chiphona chonse chija, chosatha kuima, chinawoloka phulusa, chinamwaza oonerera, n'kukathera m'zitsamba zaminga.

Nyimbo inagwa. Kunalibe wopuma.

"Anasuntha!" anakuwa Nyani. "Ndamuona, anasuntha!"

A Nang'omba anapita pamalopo, naweramira pansi fumbi likutsika. Gologolo anali pomwe anaima paja, magazi akuyenderera pamsana. Zikhadabo zake zinali zitalowa m'dothi ndi mantha, moti anachita kumuzula ngati chinangwa.

"Mapazi sanasunthe," anatero a Nang'omba. "Njati wadutsa phulusa. M'bwalo mwatsala mmodzi. Mkuyu ndi wa Nazimbiri ndi ana ake."

Nthungululu za amayi a Nkhanga zinamveka mpaka kumtsinje kumene Mvuu anali atamira. Nyani anakhala pansi pakati pa madengu ake opanda kanthu, manja ali kumutu. Njati anatuluka m'minga muja, nayang'ana mzere umene anauwoloka. Kenaka anafunsa amene anali pafupi naye, "Koma liwirolo mwaliona?" Atamuuza kuti aliona, anapita kwawo wokhutira.

Ndipo anthu aja, magazi a Gologolo asanaume n'komwe, anali atayamba kale. Ena ankati tsopano akwere pamwamba pa chulu. Ena ankati ayi, sanamenye aliyense, angofika m'chiuno. Ena ankafunsa kuti atakumana ndi Nguluwe zingathe bwanji. Anamugwira mkono kuti anene yekha malo amene akufuna.

"Ndisiyeni, abale, kunyumba akundidikira," anatero, nadzimasula.

Anakwera mkuyu pang'onopang'ono, chifukwa msana unkawawa, nakhala panthambi yake pafupi ndi pakamwa pa mphako.

"Ndi inu, abambo?" anafunsa Nazimbiri.

"Ndine, mayi."

Nazimbiri anafunsanso, "Timange katundu?"

"Mumange wa chiyani? Mtengo ndi wanu. Yamwitsani ana, atsegule maso nthawi imene akufuna."

Anamva mkazi wake akulira, kulira kwachimwemwe kumene munthu amayesa kukubisa koma osatheka. Gologolo naye, pofuna kudzilimbitsa, anayamba kudzitama.

"Mukanaona, mayi! Ziphona zitatu, ine ndekha. Woyamba ndinamuthamangitsa, wachiwiri ndinamugwetsa. Wachitatu anabwera ndi liwiro lake lonse, ine ndangoima, kumuyang'ana m'maso."

"Simunachite mantha?"

"Ine? Mantha a chiyani? Ngakhale pang'ono."

"Chabwino, abambo, ndamva," anatero Nazimbiri, akupukuta misozi. "Ndiye muuzeko mchira wanuwo kuti mlandu watha. Ukugwedeza nthambi yonse, ana akudzuka."

Gologolo anacheuka. Mchira unali njenjenje, ukudumphadumpha wokha. Anaugwira ndi manja awiri, naupanikiza pachifuwa, koma atangousiya unayambiranso. Anauuza, anaunyengerera, anaukalipira, osamva. Ndipo mukadzamuona gologolo panthambi lero, ngakhale kunja kuli bata, muyang'ane kumbuyo kwake. Mwini wake anapambana mlandu, koma mchira ukadamuonabe Njati akubwera.

Yanga yagona pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione, ingapserere.